Safunsa Adadya Phula: Penisilini ndi Wodwala Woyembekezera Opaleshoni

Mwa mau onse amene amalembedwa m'buku la wodwala ku chipatala, ndi ochepa amene amakhulupiriridwa msanga, nakhalitsa osafufutidwa, ngati mau akuti "penisilini amamuŵenga." Mau ameneŵa akangolembedwa kamodzi, namwino amaŵakopera m'buku latsopano lakale likadzaza, dokotala amaŵaona nasintha mankhwala, ndipo mwini wake amaŵanyamula kuyambira ku ubwana mpaka ku ukalamba ngati dzina lachiŵiri. Kaŵirikaŵiri sipapezeka munthu wofunsa kuti adalemba ndani, adalemba liti, ndipo adaona chiyani.

Olemba mauwo amakhala ndi cholinga chabwino, pakuti alipodi anthu amene penisilini angathe kuŵapha m'mphindi zoŵerengeka. Komatu kafukufuku waonetsa kuti mwa anthu 10 alionse onyamula mau ameneŵa, 9 kapena kuposerapo akayesedwa amapezeka kuti angathe kumwa penisilini popanda vuto. Waonetsanso kuti mauwo akakhala olakwika amamana munthu chitetezo, makamaka pa tsiku limene wagona pa bedi la ku fiyeta kudikira mpeni wa dokotala. Nkhani ino ikulongosola mmene mau otere amaloŵera m'mabuku, chimene amalanda wodwala, ndi mmene mafunso oŵerengeka ofunsidwa opaleshoni isanachitike angalekanitsire woŵengedwa weniweni ndi wongoganiziridwa.

Mankhwala otsogola mpeni

Khungu ndilo linga la thupi. Pamwamba pake pamakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha mabakiteriya, ndipo sitivutitsa munthu malinga lingalo likhale lolimba. Kamodzi mwa tizilomboti, kotchedwa Staphylococcus aureus, kamakhala pa khungu kapena m'mphuno mwa pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse, mwini wake osadziŵa kanthu. Mpeni ukadula khungu, chipata chimatseguka. Tizilombo tikaloŵa ndi kuswana, chilonda chimafiira, chimatentha, chimatulutsa mafinya, ulusi umamasuka, ndipo nthaŵi zina matenda amafalikira m'magazi mpaka kupha munthu amene opaleshoni yake idayenda bwino.

Nkhondo yolimbana ndi vuto limeneli ndi yakale. M'chaka cha 1867, Joseph Lister, dokotala wa opaleshoni wa ku Glasgow, adafalitsa zimene adapeza, zakuti kutsuka zilonda ndi mankhwala a carbolic acid kumachepetsa kuola kwa zilondazo. Mu 1928, Alexander Fleming wa pa chipatala cha St Mary's ku London adaona kuti chuku chimene chidamera m'mbale yake yoŵeteramo tizilombo chidapha tizilombo toyandikana nacho. Howard Florey ndi Ernst Chain, pamodzi ndi anzao a ku Oxford, ndiwo adayenga chukucho nchikhala mankhwala a penisilini, nayamba kuŵayesa pa odwala mu 1941. Atatuŵa adalandira mphotho ya Nobel mu 1945.

Penisilini atafala, madokotala ambiri ankapereka mankhwala opha tizilombo opaleshoni itatha, kwa masiku angapo, koma zilonda zinkaolabe. Amene adatulukira chifukwa chake ndi John Burke wa ku Boston. Mu 1961 iye adaonetsa, poyesa pa mbira, kuti mankhwala amateteza chilonda bwino ngati ali kale m'magazi pamene tizilombo tikuloŵa, ndipo kuti akachedwa ndi maola atatu amakhala opanda phindu. Mu 1992, kafukufuku wa odwala 2,847 a ku Salt Lake City, ku America, adatsimikiza zomwezo pa anthu. Mwa amene adalandira mankhwala mkati mwa maola aŵiri opaleshoni isanayambe, 6 okha pa 1,000 alionse ndiwo adadwala chilonda. Mwa amene adalandira patapita maola oposa atatu chidulireni khungu, adali 33 pa 1,000. Khola limalimbitsidwa fisi asanafike. Nchifukwa chake lero lamulo m'zipatala zambiri nlakuti wodwala alandire mankhwala kamodzi, kudzera mu mtsempha, mkati mwa mphindi 60 mpeni usanadule.

Cefazolin, mbale wake wa penisilini

Pa maopaleshoni ambiri, monga a mafupa, a mtima, a chiberekero ndi obereketsa mai amene walephera kuchira mwa njira ya nthaŵi zonse, mankhwala amene akatswiri amaika patsogolo ndi cefazolin. Mbiri yake idayambira ku Italy. Mu 1945, Giuseppe Brotzu wa ku Cagliari, pa chilumba cha Sardinia, adapeza chuku china m'madzi a m'nyanja, pafupi ndi pamene ngalande ya zonyansa za mumzinda inkathirira. Chukucho chidatumizidwa ku Oxford mu 1948, kumene Edward Abraham ndi Guy Newton adapezamo mankhwala amene adabala banja lonse lotchedwa cephalosporin. Cefazolin, amene adapangidwa ku Japan nayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1971, ali m'banja limeneli.

Madokotala amaŵakonda mankhwalaŵa pa zifukwa zomveka. Amapha bwino tizilombo ta pa khungu, amafika msanga m'minofu ndi m'mafupa, amabayidwa mu mtsempha m'mphindi zochepa, ndipo ndi otsika mtengo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, lidaŵaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira makamaka chifukwa cha ntchito imeneyi yoteteza zilonda za opaleshoni.

Vuto nlakuti cefazolin ndi penisilini ndi pachibale. Akatswiri akajambula kapangidwe ka mankhwala aŵiriŵa, pakati pa onse pamaoneka kamphete kofanana, kotchedwa beta-lactam, ndipo ku kampheteko kumamera nthambi zimene zimasiyanitsa mankhwala ena ndi anzake. Chifukwa cha chibale chimenechi, mabuku a udokotala adaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mwa anthu 100 oŵengedwa ndi penisilini, 10 adzaŵengedwanso ndi mankhwala a m'banja la cephalosporin. Chiŵerengerochi chidachokera ku malipoti a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo chidakwera chotero pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, mankhwala oyambirira a m'banjali ankatuluka m'fakitale atasakanikirana ndi penisilini pang'ono. Chachiŵiri, ena mwa iwo, monga cephalothin, adali ndi nthambi yofanana kwambiri ndi ya penisilini.

Lero kwadziŵika kuti chimene chimachititsa munthu mmodzi kuŵengedwa ndi mabanja onse aŵiri, kaŵirikaŵiri ndi kufanana kwa nthambi, osati kwa mphete. Tsono nthambi ya cefazolin sifanana ndi ya penisilini wa mtundu ulionse. Mu 2021 akatswiri adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 77, wokhudza odwala 6,147, napeza kuti mwa anthu olembedwa kuti penisilini amaŵaŵenga, 7 okha pa 1,000 ndiwo adaŵengedwanso ndi cefazolin. Ngakhale mwa amene kuŵengedwa kwao kudatsimikizika poyesedwa, adali 3 pa 100. Chaka chotsatira, mu 2022, mabungwe a madokotala a ziŵengo ku America adalangiza kuti cefazolin angaperekedwe kwa odwala otere, kupatula gulu laling'ono limene litchulidwe kutsogoloku. Izi sizikutanthauza kuti banja lonse nlofanana: cephalexin, mwachitsanzo, ali ndi nthambi yofanana ndi ya ampicillin, amene ndi mtundu wa penisilini, motero amafuna kusamala kwina.

Mmene mau olakwika amabadwira

Ku America, pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse adalembedwa kuti penisilini amamuŵenga, ndipo ku England ndi pafupifupi 6 pa 100. Chikhalirecho, oŵengedwa enieni ku America safika mmodzi pa 100. Kusiyana kwakukulu chotereku kumabwera kudzera m'njira zingapo.

Njira yoyamba ndi ya ubwana. Mwana watentha thupi, walandira amoxicillin, amenenso ndi mtundu wa penisilini, ndipo pa tsiku lachitatu kapena lachinai thupi latuluka totupa. Mai amachita mantha, ndipo ali nacho chifukwa choopera. Koma matenda ambiri a ana amayambitsidwa ndi mavairasi, ndipo mavairasi ambiri amatulutsa totupa okha popanda mankhwala, monga mmene chikuku chimachitira. Motero mankhwala amasenza mlandu wa vairasi. Mu 2017 madokotala a ku Milwaukee, ku America, adafalitsa zotsatira za ana 100 amene adali ndi mbiri ya zizindikiro zosaopsa ngati zimenezi. Ataŵayesa onse, sadapezeke ndi mmodzi yemwe woŵengedwa.

Njira yachiŵiri ndi kusokoneza zovuta wamba za mankhwala ndi kuŵengedwa. Mseru, kusanza, kutsegula m'mimba pang'ono ndi litsipa zimachitika kwa anthu ambiri omwa mankhwala opha tizilombo. Nzosautsa ndithu, koma kuŵengedwa nkwina: kumachitika pamene chitetezo cha m'thupi chaona mankhwala ngati mdani nchiyamba kumenyana nao.

Njira yachitatu ndi ya kumtundu. Munthu amauzidwa ali wamng'ono kuti asamamwe penisilini chifukwa mai ake kapena mlongo wake adavutika nao, pamene iye mwini sadalaŵepo nkamodzi komwe. Kuŵengedwa kwa mbale si chifukwa chokwanira cholembera munthu wina mau ameneŵa.

Njira yachinai ndi kusokoneza maina, ndipo imeneyi ikuyenera kusamalidwa kwambiri kuno ku Malaŵi. Fansidar, amene adali mankhwala oyamba kupatsidwa kwa odwala malungo kuyambira 1993 mpaka 2007, ndi Bactrim, amene ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, onse ali m'banja lina lotchedwa sulfa. Nevirapine, amene adali m'gulu la ma ARV oyamba kugaŵidwa m'dziko muno, ndi wa mtundu winanso. Onseŵa amadziŵika kuti amatulutsa ziŵengo kwa anthu ena, koma palibe ndi amodzi omwe amene ali pachibale ndi penisilini. Wodwala amene akungokumbukira kuti mapiritsi ena adamutulutsa ziŵengo angathe kutchula dzina limene amalimva kaŵirikaŵiri, ndipo dzinalo lingaloŵe m'buku.

Njira yachisanu ndi nthaŵi. Ngakhale kuŵengedwa kwenikweni kumazilala. Mwa anthu 10 amene adaŵengedwadi mwa mtundu wofulumira uja, pafupifupi 8 amakhala atasiya kuŵengedwa pakapita zaka 10. Thupi limaiŵala, koma buku siliiŵala.

Chimene wodwala amataya

Wina angafunse kuti cholakwika nchiyani ngati dokotala, poona mauwo, wangosankha mankhwala ena. Kodi kumeneko si kuchenjera? Yankho lomveka lidachokera kwa Kimberly Blumenthal ndi anzake a pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston. Mu 2018 iwo adafalitsa zimene adapeza atafufuza mabuku a odwala 8,385 amene adachitidwa opaleshoni ya chiuno, bondo, chiberekero, matumbo kapena mtima pakati pa 2010 ndi 2014. Mwa odwalawo, 922 adali olembedwa kuti penisilini amaŵaŵenga. Pa gulu limeneli, 12 okha pa 100 ndiwo adalandira cefazolin, pamene pa gulu la anzao osalembedwa adali 92 pa 100. Zotsatira zake zidali zakuti matenda a chilonda adachuluka ndi theka pa gulu lolembedwalo, kutanthauza kuti pamene kwinako ankadwala aŵiri, kuno ankadwala atatu. Ofufuzawo adapeza kuti kusiyanaku kudachokera ku mankhwala oloŵa m'malo amene odwalawo adapatsidwa.

Zifukwa zake nzosabisika. Vancomycin, amene kaŵirikaŵiri amaloŵa m'malo mwa cefazolin, sangabayidwe mofulumira. Ayenera kudontha pang'onopang'ono mu diripi kwa ola lathunthu kapena kuposerapo, apo ai wodwala amafiira khungu, amayabwidwa, ndipo kuthamanga kwa magazi kumatsika. Diripiyo ikayambika mochedwa, mpeni umadula mankhwala asanakwanire m'thupi, ndipo phunziro lija la Burke limapita pachabe. Kuonjezera apo, vancomycin sapha Staphylococcus aureus wamba bwino ngati cefazolin, ndipo sakhudza tizilombo tambiri ta m'matumbo, kotero kuti pamafunika kuphatikizapo ena monga gentamicin, amene angathe kuononga impso ndi makutu. Clindamycin, amenenso amaloŵa m'malo, amadziŵika ndi kusakaza tizilombo tothandiza ta m'matumbo, zimene zimapatsa mpata kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile, koyambitsa kutsegula m'mimba koopsa.

Kafukufuku wina wa chaka chomwecho cha 2018, wochokera m'mabuku a odwala a ku Britain, adaonetsa kuti anthu olembedwa mau ameneŵa ankadwala kachilombo ka m'matumbo kameneka mochuluka ndi magawo 26 pa 100, ndiponso mtundu wa Staphylococcus aureus wosamva mankhwala wamba mochuluka ndi magawo 69 pa 100, poyerekeza ndi anzao. Chodabwitsa china chidatuluka mu lipoti la bungwe la madokotala ogonetsa odwala la Royal College of Anaesthetists, nalonso la 2018. Lipotilo lidapeza kuti teicoplanin, mbale wake wa vancomycin amene ku Britain amaperekedwa kaŵirikaŵiri kwa oopa penisilini, ankaŵenga anthu modzidzimutsa m'fiyeta pafupifupi kaŵiri kuposa co-amoxiclav, amene ndi penisilini weniweni. Pothaŵa ngozi yongoganizira, odwala ena adakumana ndi ngozi yeniyeni.

Amene ayenera kuopadi

Zonsezi zisachititse munthu kupeputsa kuŵengedwa kwenikweni. Kulipo, ndipo kumapha. Mtundu woyamba ndi wofulumira, umene madokotala amautcha anaphylaxis. Umayamba m'mphindi zochepa, kaŵirikaŵiri ola lisanathe chimwereni kapena chibayidwireni mankhwala. Thupi limatuluka zidzolo zoyabwa, milomo, lilime ndi zikope zimatupa, pakhosi pamatsekeka, munthu amabanika, ndipo angathe kukomoka. Mankhwala ake ndi jekeseni ya adrenaline yobayidwa mosazengereza. Munthu amene zidamuchitikirapo zimenezi asayerekeze kumwanso penisilini payekha.

Mtundu wachiŵiri ndi wochedwa koma woopsa kwambiri. Umayamba patapita masiku kapena milungu. Munthu amatentha thupi, khungu limachita matuza ndi kusupuka ngati wapsa ndi moto, ndipo m'kamwa, m'maso ndi kumaliseche mumatuluka zilonda. Wodziŵika kwambiri mwa matenda otere ndi Stevens-Johnson syndrome. Palinso mtundu wina umene umatupitsa nkhope ndi kuononga chiŵindi kapena impso. Aŵa ndiwo anthu a gulu laling'ono lija lidatchulidwa kale. Iwo sayesedwa ndi penisilini mwa njira ina iliyonse, ndipo madokotala amapeŵanso cefazolin, naŵapatsa mankhwala oloŵa m'malo. Kwa anthu ameneŵa mau olembedwa m'buku ndi chishango cha moyo wao.

Motero mau amodzimodziwo akuti "penisilini amamuŵenga" amaphimba anthu osiyana kutalitali: amene adangomva mseru, amene adatuluka totupa ali khanda, amene adatsala pang'ono kufa ndi kubanika, ndi amene khungu lidasupuka. Kuŵachitira onseŵa chimodzimodzi ndiko kulakwa kumene nkhani ino ikunena.

Mafunso amene amatsegula njira

Chida chachikulu cholekanitsira magulu ameneŵa si makina odula ai, koma kufunsa. Mafunso ake ndi aŵa: adali mankhwala anji kwenikweni? Zidachitika chaka chiti? Chidaoneka nchiyani pa thupi? Padapita nthaŵi yotani chimwereni mankhwalawo? Padafunika chithandizo chanji? Nanga chichitikireni zimenezo, munthuyo adamwaponso mankhwala a m'banja lomwelo?

Mwachitsanzo, namwino wokonzekeretsa odwala angathe kupeza mauwo m'buku la mai wachikulire nkufunsa kuti, "Amai, pano palembedwa kuti penisilini amakuŵengani. Kodi zidachitika liti?" Maiyo akayankha kuti, "Nkale mwanangu, ndili mtsikana, ndisanakwatiwe nkomwe," namwino wamva kale chinthu chachikulu. Angapitirize kuti, "Nanga mudatupa milomo, kapena kubanika, kapena kutuluka matuza?" Yankho likakhala lakuti, "Ai, kudali kuyabwa chabe, ndipo kudatha kokha," nkhani yayamba kupepuka. Funso lotsiriza lingathe kumaliza zonse: "Chiyambire pamenepo, amai, mudamwapo amoxicillin?" Ngati maiyo akumbukira kuti adamwa chaka chatha dzino litavuta, ndipo buku likutsimikiza, popanda chimene chidachitika, ndiye kuti mau akalewo alibenso maziko.

Mu 2020, Jason Trubiano ndi anzake a ku Melbourne, ku Australia, adakonza njira yachidule yoŵerengera malikisi, yotchedwa PEN-FAST. Ngati vutolo lidachitika m'zaka zisanu zapitazi, malikisi ndi 2. Ngati kudali kuŵengedwa kofulumira, kutupa milomo ndi nkhope, kapena vuto loopsa la khungu, malikisi ndi 2. Ngati padafunika chithandizo, malikisi ndi 1. Mwa anthu amene malikisi ao safika 3, oŵengedwa enieni safika 5 pa 100.

Kwa amene mbiri yao ndi yosaopsa, kutsimikiza nkosavuta. Wodwala amapatsidwa amoxicillin pang'ono ali m'chipatala, ogwira ntchito ali pafupi ndipo adrenaline ali wokonzeka, nayang'aniridwa kwa ola limodzi. Kale anthu ankakhulupirira kuti nkofunika kuyamba ndi kuyesa pa khungu, njira yofuna akatswiri ndi mankhwala apadera. Koma kafukufuku wotchedwa PALACE, wochitikira m'zipatala za ku Australia, Canada ndi America, amene adafalitsidwa mu 2023, adaonetsa kuti mwa anthu 187 amene adangomwa mankhwala mwachindunji, mmodzi yekha ndiye adaŵengedwa, ndipo mwa 190 amene adayamba ndi kuyesa pa khungu, adalinso mmodzi. Phindu la zimenezi nlakuti ntchitoyi ingathe kugwiridwa ngakhale pa chipatala chimene chilibe katswiri wa ziŵengo, malinga ogwira ntchito ataphunzitsidwa. Koma kuyesa kumeneku nkwa ku chipatala kokha. Sikuchitikira kunyumba, ndiponso sikuchitika ndi makapisozi ogula pa golosale.

Zikatsimikizika kuti munthu saŵengedwa, ntchito siinathe. Mau akale ayenera kufufutidwa, tsiku ndi chifukwa chofufutira zilembedwe, ndipo wodwala auzidwe momveka. Pakapanda kutero, mauwo amabwerera tsiku limene munthuyo adzaŵatchulenso mwachizoloŵezi pa chipatala china.

Chifukwa chake nkhaniyi ikhudza kuno

Ziŵerengero zambiri zimene zatchulidwa nzochokera ku maiko olemera, koma matenda a zilonda za opaleshoni ndi ochuluka kwambiri ku maiko osauka. Mu 2016 bungwe la World Health Organization lidanena kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni amadwala chilonda, ndipo kuti ku Africa, mwa amai 100 obereka kudzera pa opaleshoni, mpaka 20 amakumana ndi vutoli. Kumene ngozi ili yaikulu chotere, kumana wodwala mankhwala abwino popanda chifukwa nkomupweteka koposa, ndipo mankhwala oloŵa m'malo aja si kuti amapezeka paliponse.

Funsoli lilinso ndi mbali yachiŵiri. M'zipatala zimene mulibe cefazolin, madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala ena, monga ceftriaxone kapena ampicillin. Monga tsono ampicillin ndi penisilini weniweni, woŵengedwa amene sadafunsidwe ali pa ngozi yaikulu, chimodzimodzi monga wosaŵengedwa amene wamanidwa chitetezo. Kufunsa kumateteza onse aŵiri.

Mu 2008 bungwe lomwelo lidatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zoti ogwira ntchito m'fiyeta azifunsana mokweza pa opaleshoni iliyonse. Ziŵiri mwa mfundozo zikhudza nkhani ino: wodwala asanagonetsedwe, amafunsana ngati pali chimene chimamuŵenga, ndipo mpeni usanadule, amafunsana ngati mankhwala oteteza aperekedwa m'mphindi 60 zapitazo. Mndandandawu udayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo chikhala cha St Francis ku Ifakara, m'dziko la Tanzania. Zotsatira zimene zidafalitsidwa mu 2009 zidaonetsa kuti matenda a zilonda adatsika kuchoka pa odwala 6 kufika pa 3 pa 100, ndipo imfa zidatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 pa 1,000. Komabe pakhomo la fiyeta si malo oyambira kufufuza mbiri ya zaka 30. Funso la pamenepo limangofuna inde kapena ai, ndipo dokotala wogonetsa akamva inde popanda kulongosola, amasankha njira yooneka ngati yosaopsa.

Nchifukwa chake nkhaniyi iyenera kuthetsedwa kudakali nthaŵi. Woyembekezera opaleshoni yokonzedweratu aitchule tsiku limene akulembedwa, osati tsiku loloŵa. Mai woyembekezera aitchule ku sikelo, pakuti opaleshoni yobereketsa kaŵirikaŵiri imadza mwadzidzidzi, pakati pa usiku, mwini wake ali m'zoŵaŵa zosatha kuyankha nazo mafunso.

Pano ku Malaŵi buku la ku chipatala limakhala m'manja mwa wodwala mwini wake, ndipo umenewu ndi mwaŵi. Achinyamata amene atsiriza sukulu ndiwo kaŵirikaŵiri amaperekeza makolo ndi agogo ku chipatala, kuŵadikirira mu wodi, ndi kuŵaŵerengera zolembedwa m'bukumo. Mnyamata kapena mtsikana wotere angathe kukhala pansi ndi agogo ake kudakali bwino, nafunsa mafunso aja, nalemba mayankho pa pepala loika mkati mwa bukulo: dzina la mankhwala, chaka, chimene chidaoneka, ndi chithandizo chimene chidaperekedwa. Aphunzitsi, amene amauzidwa ndi makolo kuti mwana uje mankhwala akuti amamuŵenga, angathe kulimbikitsa makolowo kuti akalongosole nkhani yonse ku chipatala pamene akuikumbukira bwino. Kholo limene mwana wake watuluka totupa akumwa mankhwala lipite naye msanga kuti akaonedwe totupato tisanathe, ndipo litenge paketi ya mankhwalawo.

Kusankha mankhwala ndi udindo wa dokotala, ndipo zipatala zimasiyana malamulo ao. Koma dokotala amasankha molingana ndi zimene wauzidwa. Akapatsidwa mau aŵiri okha, amaopa ndi kusintha mankhwala. Akapatsidwa nkhani yonse, amadziŵa amene ayenera kutetezedwa ku penisilini ndi amene ayenera kulandira mankhwala abwino koposa mpeni usanadule. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani imeneyi ofunsa ayenera kukhala onse: namwino, dokotala, woperekeza, ndi wodwala mwini wake.